KODI MKAIDI ANGAPEMPHE MPANDO WA ULAMULIRO?

Pa 8 Meyi m'chaka cha 2012, anthu a chipani cha Democratic a m'chigawo cha West Virginia, ku America, anachita chisankho chachipulula, chofuna kupeza munthu wodzaimira chipani chao pa mpando wa Pulezidenti wa dziko. Pa pepala loponyera voti panali maina awiri okha. Loyamba linali la Barack Obama, amene pa nthawiyo anali pampando. Lachiwiri linali la Keith Judd, munthu amene ambiri mwa oponya voti anali asanamuonepo nkhope kapena kumva mau ake. Sakadatha kumuona, pakuti tsiku limenelo Judd anali m'ndende ya ku Texarkana, m'chigawo cha Texas, akugwira ukaidi wa zaka 17 ndi theka, atapezeka wolakwa m'chaka cha 1999 pa mlandu wa kutumiza makalata oopseza ndi cholinga cha kulanda ndalama. Iye analipira madola 2,500, natumiza chikalata chimene lamulo la chigawocho limafuna, ndipo dzina lake linalembedwa pa pepala. Atawerenga mavoti, kunapezeka kuti mwa anthu 100 ali onse, 41 anasankha mkaidiyo. Onse pamodzi anapitirira 70,000.

Ambiri atamva mbiriyi anangoseka, naiyesa nthabwala ya tsiku limodzi. Koma pansi pa nthabwalayo pali funso lolemera, limene anthu oganiza sayenera kulilumpha. Kodi n'koyenera kuti munthu amene dziko lamtsekera m'ndende chifukwa cha kuswa malamulo apemphe dziko lomwelo kuti limpatse mpando wosungira malamulowo? Nanga ngati achita zimenezi kawirikawiri, chisankho ndi chisankho, akudziwa bwino lomwe kuti sadzapambana, kodi akugwiritsa ntchito ufulu wake, kapena akusewera ndi chinthu cholemekezeka?

ZIMENE LAMULO LINENA

Malamulo aakulu a dziko la America atchula zinthu zitatu zofunika kwa munthu wofuna kukhala Pulezidenti: akhale mbadwa ya dzikolo, akhale atakwanitsa zaka 35 zakubadwa, ndipo akhale atakhala m'dzikomo zaka 14. Za ndende sanenapo kanthu. Koma za kuponya voti, chigawo chiri chonse chimadzipangira lamulo lake, ndipo pafupifupi zonse zimamana voti akaidi a milandu yaikulu. Zimene zimawalola ndi Maine ndi Vermont, pamodzi ndi mzinda wa Washington. Chotero pamabadwa chinthu chododometsa: mkaidi wa ku Texas saloledwa kusankha ngakhale khansala wa m'dera lao, koma aloledwa kupempha anthu onse a m'dziko kuti amsankhe akhale mtsogoleri wao. Lamulo limtsekera khomo laling'ono, ndi kumsiyira lalikulu liri chitsegukire.

Maiko ena anasankha njira ina. Ku Britain, Bobby Sands, mkaidi wa gulu lankhondo la IRA, anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Fermanagh ndi South Tyrone mu Epulo 1981, ali pakati pa kudzimana chakudya m'ndende, namwalira pa 5 Meyi atakhala masiku 66 osadya. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loletsa mkaidi wa chilango chopitirira chaka chimodzi kuima pa chisankho cha aphungu. Ku Malawi nakonso, malamulo aakulu a m'chaka cha 1994 aletsa kuima pa mpando wa Pulezidenti kapena wa phungu munthu amene, m'zaka 7 zapitazo, bwalo la milandu linampeza wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wa makhalidwe oipitsitsa. Kusiyana kumeneku kusonyeza kuti anthu anzeru ndi ofuna zabwino sanagwirizane pa nkhaniyi, ndipo n'chifukwa chake iyenera kuyesedwa modekha.

AMUNA ATATU, MILANDU ITATU

Judd sanali woyamba. Wotchuka koposa onse ndi Eugene Debs, mtsogoleri wa anthu ogwira ntchito pa njanji, amene anaima pa mpando wa Pulezidenti kasanu: mu 1900, 1904, 1908, 1912 ndi 1920. Mu Juni 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse iri mkati, Debs analankhula pa msonkhano ku Canton, m'chigawo cha Ohio, nadzudzula nkhondoyo ndi atsogoleri amene amatumiza ana a anthu osauka kukafera zinthu zimene sanafunsidwepo. Chifukwa cha mau amenewo anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10. Mu 1920 chipani chake cha Socialist chinamsankhanso kuti achiimire ali m'ndende ya ku Atlanta, kumene ankadziwika ndi nambala 9653, ndipo anthu oposa 900,000 anamponyera voti. Amene anapambana chisankhocho, Warren Harding, anamdulira chilango, kotero kuti Debs anatuluka pa tsiku la Khirisimasi la 1921. Munthu angathe kukana chiphunzitso cha chipani cha Debs, monga ambiri anachikana, komabe n'kuvomera kuti mkulu ameneyu sanabe, sanaphe, sananyenge munthu. Anamangidwa chifukwa cha zimene ananena poyera.

Wachiwiri ndi Lyndon LaRouche, amene anaima kasanu ndi katatu, kuyambira 1976 kufikira 2004. Mu Disembala 1988 bwalo linampeza wolakwa pa mlandu wa chinyengo, wokhudza ngongole zoposa madola 30 miliyoni zimene gulu lake linakongola kwa otsatira ake osabweza, ndipo anapatsidwa zaka 15. Mu 1992 anaima ali m'ndende ya ku Rochester, m'chigawo cha Minnesota, napeza mavoti ngati 26,000 m'dziko lonse. Anatuluka mu 1994, napitiriza kuima monga kale.

Wachitatu ndiye Judd uja. Mu 2008 dzina lake linaoneka pa chisankho chachipulula cha ku Idaho, kumene anapeza mavoti 734. Mu 2012 anadabwitsa dziko ku West Virginia. Mu 2016, atatuluka kale m'ndende, anaimanso m'chigawo chomwecho, koma sanafike ngakhale pa mavoti 2 mwa 100 ali onse.

Pamaso pa lamulo amuna atatuwa ali chimodzimodzi: onse ndi akaidi opempha mpando. Pamaso pa chikumbumtima ali osiyana kutalitali. Vuto lonse lagona pamenepa, pakuti lamulo limene lingatsekereze LaRouche lidzatsekerezanso Debs, ndipo limene lingatsegulire Debs lidzatseguliranso Judd.

CHIMENE CHILANGO CHIMACHOTSA

Poyamba pafunika kudziwa chimene ndende imalanda munthu. Boma likalanga wolakwa limafuna zinthu zitatu: kubwezera chilungamo chimene chinaonongeka, kuteteza anthu osalakwa, ndi kuwongola wolakwayo kuti adzabwerere pakati pa anzake ali munthu wabwinopo. Pofuna zimenezi limamlanda ufulu wa kuyenda, limamlekanitsa ndi banja lake, limamuikira nthawi ya kudzuka ndi ya kugona. Koma silingamlande umunthu, popeza si boma limene linampatsa. Mkaidi akadali ndi nzeru zoganizira, akadali mwana wa dziko lake, ndipo malamulo amene aphungu apanga amamgwera iye mwamphamvu koposa wina ali yense, pakuti chakudya chake, mankhwala ake ndi chofunda chake zonse ziri m'manja mwa boma. Papa Yohane XXIII, m'kalata yake ya Pacem in Terris ya mu 1963, anaphunzitsa kuti ufulu wa kutenga mbali m'zochitika za dziko umachokera ku ulemerero wa munthu mwini, ndiponso kuti ufulu uli wonse uli ndi udindo wake woyenda nao limodzi. Tsono ngati ufuluwo muzu wake ndi umunthu, wofuna kuuchotsa ndiye ayenera kupereka chifukwa chomveka. Si mkaidi amene ayenera kutsimikiza kuti akadali munthu.

Chifukwa chotero chiripo, ndipo si chopepuka. Amene waswa lamulo mwadala waonetsa kuti pa nthawi ina anaika zofuna zake pamwamba pa ubwino wa onse. Mpando wa ulamuliro ndiwo malo amene chiyeso chomwecho chimabwera tsiku ndi tsiku, chiri ndi mphamvu zochuluka. Munthu amene anagwidwa akuba m'nkhokwe sapatsidwa ntchito ya ulonda wa nkhokwe m'mawa mwake, ndipo palibe amene angati wachitidwa nkhanza. Ndiponso pali anthu amene analakwiridwa. Amene anakongoza gulu la LaRouche ndalama zao nataya zonse anali ndi chifukwa cha kumva kuwawa poona dzina lake likuyendanso pakati pa ofuna kulamulira dziko. Pomaliza, pali funso la ntchito yeniyeniyo. James Curley, meya wa mzinda wa Boston, anakhala miyezi isanu m'ndende ya ku Danbury mu 1947 akadali pa udindo, ndipo mzindawo unachita kufuna munthu wina woti augwirizire. Udindo umafuna mwini wake akhalepo, amve madandaulo, aone ndi maso, ayankhe akafunsidwa.

MWINI MFUNGULO

Zifukwa zimenezi zikadakwanira ndithu, kukadakhala kuti onse olowa m'ndende alowamo mwachilungamo. Koma mfungulo wa ndende uli m'manja mwa amene ali pampando, ndiwo omwewo amene mkaidi afuna kupikisana nao. Ngati lamulo linena kuti womangidwa ali yense sangaime, ndiye kuti wolamulira wopanda chikumbumtima wapatsidwa njira yapafupi yochotsera mdani wake: safunikanso kumgonjetsa pamaso pa anthu, angomfunira mlandu.

Mbiri ya America yomweyo iri ndi umboni. Mu 1798 Matthew Lyon, phungu wa ku Vermont, anatsekeredwa miyezi inai ndi kulipitsidwa madola 1,000 chifukwa cha kudzudzula Pulezidenti John Adams, pa lamulo limene linkaletsa kunyoza boma. Anthu a kwao anamsankhanso ali m'ndende momwemo, ndipo voti yao inakhala ngati chigamulo chachiwiri, choweruza lamulolo ndi amene analipanga. Ndi mmenenso zinaliri ndi mavoti a Debs. Ndipo si nkhani ya kale lokha ai. Ku Brazil, Lula da Silva analetsedwa kuima mu 2018 ali m'ndende. Mu 2021 bwalo lalikulu linafafaniza zigamulo zomtsutsa, ndipo mu 2022 anthu anamsankha. Ku Senegal, Bassirou Diomaye Faye anali m'ndende, mlandu wake usanagamulidwe, pamene dzina lake linalandiridwa pa chisankho cha 2024; anatulutsidwa kutatsala masiku 10, napambana. Akulu akale anati, chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Amene lero akondwera ndi lamulo lotsekereza mdani wake aiwala kuti mipando imasinthana eni, koma lamulo limatsala.

Poyesa zoipa ziwirizi pa muyeso, sizilemera chimodzimodzi. Dzina lachabe likalowa pa pepala, anthu ali ndi mankhwala ake m'manja mwao: angolisiya, monga anasiyira LaRouche kasanu ndi katatu. Koma dzina loyenera likachotsedwa pa pepala, anthu alibe pogwira, chifukwa sangasankhe amene sanaikidwe pamaso pao. Choipa choyamba chimachiritsika pa tsiku lomwelo la chisankho. Chachiwiri chingakhale zaka zambiri. Chifukwa chake nzeru iri pa kusiya khomo lotseguka momwe kungathekere. Ndipo kumene dziko laona kuti n'kofunika kulitseka, litseke pa milandu yodziwika bwino, yoweruzidwa ndi mabwalo oima paokha, ndi kwa nthawi yokhala ndi malire, osati pa mlandu wa kulankhula kapena kudzudzula boma.

UDINDO WA WOPEMPHA MPANDO

Koma chimene lamulo lilola si chonse chimene chiri chabwino. Lamulo limangoletsa zoipa zazikulu zimene zingagwetse mudzi. Zotsalazo limasiyira chikumbumtima. Tsono mkaidi woganiza za kuima ayenera kudzifunsa yekha chimene akufuna.

Kupempha mpando ndiko kulonjeza. Wopemphayo auza anthu kuti, akampatsa mphamvu zao, adzawagwirira ntchito. Amene alonjeza chimene adziwa kuti sangachite, ndipo alibe nacho cholinga, wanama, ngakhale bodza lake likhale lololedwa ndi lamulo. Pamenepa wina angafunse kuti: nanga Debs sanadziwe kodi kuti sadzapambana? Anadziwa ndithu. Koma iye sanadzitume. Anatumidwa ndi anthu zikwi zambiri amene anafuna kuti maganizo ao awerengedwe, ndipo kuima kwake kunali njira yoti iwo alankhulire. Woima pa chisankho angathe kutumikira anthu ngakhale agonje, ngati wanyamula nkhani yoona imene akuluakulu a zipani akuopa kuitchula. Paja amati wamisala anaona nkhondo: mau ofunika nthawi zina amachokera kwa munthu amene onse amnyoza. Choyesera chake ndi ichi: kodi munthuyu akachotsedwa, pali nkhani ya anthu imene itsale yopanda woinenera? Ngati iripo, kuima kwake kawirikawiri ndi kupirira. Ngati palibe, ndipo chotsala ndi dzina lake lokha, ndiye kuti wasandutsa chisankho cha dziko kalirole wodziyang'anira.

Komabe munthu wotere asaweruzidwe mwankhanza. Chowawa chachikulu cha ndende ndicho kuiwalika. Zaka zimapita, makalata amachepa, abale amatopa ndi ulendo, ndipo munthu amene anali ndi dzina amasanduka nambala. N'zosadabwitsa kuti wina, pofuna kudzitsimikizira kuti akadali moyo, amafuna kuona dzina lake litasindikizidwa pambali pa la Pulezidenti. Njala imeneyi ndi yeniyeni, ndipo imatsutsa onse amene ali kunja osakumbukira a m'ndende. Koma mankhwala ake ndi kuchezeredwa, kuphunzitsidwa ntchito, ndi kulandiridwa bwino pa tsiku lotuluka. Pepala la chisankho silingachize kusungulumwa. Ndiponso kwa amene analakwadi, njira yobwerera ku ulemu imayambira pa kuvomera cholakwa ndi kubweza chimene chingabwezeke. Wolumpha sitepe imeneyi nathamangira mpando wapamwamba afanana ndi munthu wofuna kufolera denga mizati isanazikidwe.

UDINDO WA WOPONYA VOTI

Katundu wolemera koposa ali pa mutu wa osankha. Mavoti oposa 70,000 a ku West Virginia sanali a Judd kwenikweni. Umboni wake ndi uja wa 2016, pamene munthu yemweyo, m'chigawo chomwecho, anangotola nyenyeswa. Chigawocho chimadalira migodi ya malasha, ndipo ambiri kumeneko ankaona kuti malamulo a boma la Obama akupha ntchito zao. Dandaulo lao linali lomveka, ndipo anali ndi ufulu wonse wa kulionetsa. Koma njira imene anasankha inali ya kutola dzina liri lonse limene linali pafupi ndi kuligenda ngati mwala, osafunsa kuti mwini dzinalo ndani, anachita chiani, ndipo akadzapatsidwa mphamvu adzachita nazo chiani.

Voti ndi umboni. Woiponya anena pamaso pa dziko kuti, mwa amene aikidwa patsogolo pake, uyu ndiye amkhulupirira. Amene aponyera munthu wosamdziwa, pongofuna kupweteka wina, wachita umboni wonama, ndipo akudalira anzake kuti iwo aponye mwanzeru kuti choipa chisachitike. Akadachita chomwecho onse, nthabwala ikadasanduka tsoka. Safunsa anadya phula. Ndipo pali kutaya kwina kobisika: voti ya mkwiyo siinena chimene woponyayo akufuna. Amene anaponyera Debs anauza boma momveka kuti asamange anthu chifukwa cha mau ao, ndipo patangopita chaka khomo la ndende linatseguka. Amene anaponyera Judd anapatsa olemba nyuzi nkhani yoseketsa, koma za migodi ndi za mabanja odalira migodiyo zinamira m'phwete.

Motero yankho la funso lija liri pawiri. Kwa opanga malamulo, nzeru ndi kusafulumira kutseka khomo, pokumbukira kuti ndende zasungapo olungama pamodzi ndi olakwa, ndi kuti mfungulo umakhala ndi wolamulira. Kwa mkaidi wofuna kuima, ndi kwa nzika yofuna kumsankha, chilolezo cha lamulo sichichotsa udindo wa kufunsa. Woponya voti akaona dzina la wandende pa pepala asalikane chifukwa cha ndende yokha, ndipo asalisankhe chifukwa cha kupsa mtima kokha. Ayambe wadziwa chimene munthuyo anamangidwira, amene anamtuma kuti aime, ndi chimene adzachitire anthu akadzalandira mphamvu. Mafunso atatu omwewa ayeneranso kufunsidwa za amene ali kunja kwa ndende, ovala bwino ndi oyenda pa galimoto, pakuti si onse oyenera ndende amene alimo, ndipo dziko losazolowera kufunsa za mkaidi silidzafunsanso za iwo.